Mkono wa pedulo ukamangogwedera: phunziro la moment

Amene mumapalasa njinga m'misewu yafumbi ya m'minda ya tiyi ku Satemwa kapena ku Conforzi mukukadziwa kaphokoso kaja: tsa, tsa, tsa, nthawi iliyonse mwendo wamanzere ukaponda pa chitunda. Mwamangitsa bawuti Lolemba, Lachinayi mkono wa pedulo wayambanso kugwedera. Ambiri amati okonza njinga anawabera. Ine ndikuti tiyambe tawerengera.

M'kalasi ndimakuuzani kuti moment ndi mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda wochokera pamene chinthu chikuzungulira. Mkono wa pedulo pa njinga zambiri zamagiya ndi wotalika 170 mm, kapena kuti 0.17 m. Wophunzira wolemera makilogalamu 60 akaimirira pa pedulo, mkonowo utagona chopingasa, amaponda ndi mphamvu ya 600 N. Chulukitsani: 600 × 0.17 = 102 Nm. Apatu sitinawerengere kuti akukokanso mahandulo.

Moment yonseyi imadutsa pa kansonga ka shafuti komwe kali ndi mbali zinayi, kotambalala pafupifupi 13 mm basi. Kuchokera pakati pa shafuti kufika pa ngodya yake sipakwana sentimita imodzi. Gawani 102 ndi 0.01, mupeza kuti ngodya zinayizo zikugawana mphamvu yoposa 10,000 N. Kumeneku ndi kulemera kwa tani yathunthu, pa kachitsulo kochepa ngati chala chanu.

Nanga kamapirira bwanji? Nsonga ya shafutiyo ndi yopyapyala kumapeto n'kumakula pang'onopang'ono, ndi madigiri 2 mbali iliyonse. Ntchito ya bawuti ndi kukankhira mkono m'kati mpaka uthine, monga mpini umathinira khasu. Zikathinana bwino, mphamvu ija imafalikira pa mbali zonse zinayi. Pakangotsala kampata, imagwera pa ngodya zokha. Tsono shafuti ndi ya chitsulo cholimba, pomwe mikono yambiri ya mountain bike ndi ya aluminiyamu, yofewerapo. Mukaponda, shafuti imadya pang'ono bowo la mkono. Mukapondanso, imadyanso. Patapita masiku, bowo lija latakasuka, ngodya zake zaphwanyika, ndipo ngakhale mumange bawuti mpaka thukuta kamukamu, palibenso choti chigwire.

Wamanzere ndiye amavutitsa kawirikawiri. Mwendo wamanja ukaponda, mphamvu yozunguza imalowa mwachindunji m'chimbale cha tcheni, chifukwa mkono ndi chimbalecho n'zolumikizana. Ya mwendo wamanzere imayenera kudutsa mu shafuti, choncho polumikizira pake pamapotoka ndi kupindika nthawi imodzi.

Kumanga kwake nakonso ndi samu yomweyi. Opanga zipangizozi amafuna kuti bawuti imangidwe pa 35 mpaka 45 Nm. Titenge 40. Ndi sipanala yotalika 20 cm mufunika 200 N, ngati kupachika ndowa ya madzi ya malita 20 kunsonga kwake. Koma ndi ka Allen key ka 10 cm kamene ambiri amayenda nako m'thumba, mufunika 400 N. Zala zanu sizingafikepo, kachitsuloko kamayamba kukulasani m'manja musanafike n'komwe. Mumaona ngati mwamanga, chonsecho mwangofika theka. N'chifukwa chake okonza njinga odziwa ntchito amavekera kapaipi pa sipanala. Akuwonjezera mtunda, ngakhale mawu oti moment mwina sawatchula.

Ndiye mukamva kaphokoso kaja, tsikani. Ndikudziwa kuti kukankha njinga anzanu akukudutsani n'kochititsa manyazi, koma makilomita ochepa opalasa ndi mkono wogwedera ndi okwanira kuuwonongeratu, ndipo ukazuka mutaimirira pa pedulo mudzagwera pa felemu kapena pa miyala. Chotsani mkonowo, mutsuke dothi lofiira lomwe limalowamo nthawi ya mvula, muyang'ane bowo. Ngati mbali zake zili zosalala ndipo ngodya zili bwinobwino, pakani girisi pang'ono pa mazinga a bawuti, onetsetsani kuti washala alipo, mumange ndi sipanala yaitali. Mukayenda maulendo angapo yesaninso kamodzi. Musamaonjezere tsiku ndi tsiku, chifukwa aluminiyamu akakankhidwa mopyola muyeso amang'aluka. Ngati bowo ladyeka, kapena bawuti ikufika pothera mkono ukugwederabe, gulani mkono wina wofanana nawo kutalika. Nambala yake imakhala itadindidwa kuseri kwa mkono, pafupi ndi pedulo.

Zolowetsa kachidutswa ka chitini m'bowo ndimazimvetsa, ndalama ndi yovuta. Zingakufikitseni ku Thyolo boma kukagula chipangizo, koma chitinicho n'chofewa, tani ija imachiphwanya msanga.

Inu a njinga zakale zija, ngati zambiri za akabaza, nkhani yanu ndi kotapini. Nayenso amathina pomukhoma ndi hamala, mkono mutautsamiritsa pa chinthu cholimba. Nati ntchito yake n'kungomugwira kuti asabwerere. Mukafuna kumukoka ndi nati, mazinga ake amatha.