Mwana Ndi Amana: Khutbah ya Lachisanu pa za Katemera ndi Chitetezo cha Ana

KHUTBAH YOYAMBA

Alhamdulillah. Kutamandidwa ndi kuyamikidwa n'kwa Allah, amene amaumba mwana m'mimba mwa mayi ake popanda womuthandiza, namutulutsa ali wofooka, namuika m'manja mwa anthu awiri amene adzafunsidwe za iye. Tikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa koma Allah yekha, ndipo tikuikira umboni kuti Muhammad ndi kapolo wake ndiponso Mtumiki wake. Madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa maswahaba ake ndi pa onse owatsatira kufikira Tsiku la Kiyama.

Inu akapolo a Allah, tikudzilangiza ife eni ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri, makamaka pa zinthu zimene watisungitsa.

Mawu akuti amana timawadziwa tonse. Mnansi akamapita ulendo n'kutisiyira mbuzi zake, sitizitcha zathu. Timazidyetsa, timazitsekera m'khola madzulo, podziwa kuti mwini wake adzabwera n'kuziwerenga. Mwana ndi amana yoposa imeneyo. Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) anatiphunzitsa kuti aliyense wa ife ndi m'busa amene adzafunsidwe za ziweto zake, natchula mwamuna pa banja lake ndi mkazi pa nyumba ya mwamuna wake. Iye mwini ankati akamva kulira kwa khanda ali mkati motsogolera swala, ankaifupikitsa swalayo kuti mtima wa mayi wa khandalo usavutike. Taganizani, abale: swala ya jamaa, m'mzikiti wa Madina, kumbuyo kwa Mtumiki, inkafupikitsidwa chifukwa cha mwana mmodzi. Nanga ife n'chiyani chimene tingakane kufupikitsa?

Lero tikufuna tikambe za matenda amene anafika pakhomo pathu penipeni. M'mwezi wa Ogasiti 2020 bungwe la zaumoyo la WHO linalengeza kuti mtundu wakale wa matenda a poliyo, umene m'Chipwitikizi amati pólio selvagem, watha mu Africa monse. Pasanathe zaka ziwiri, mu Febuluwale 2022, dziko la Malawi linalengeza kuti kamtsikana ka zaka zitatu ka ku Lilongwe kapuwala ndi matendawa. Mu Meyi chaka chomwecho Unduna wa Zaumoyo kuno ku Mozambique unalengeza za mwana wina m'boma la Changara, woyamba m'dziko lino chiyambire 1992. Pofika kumapeto kwa chakacho ana opuwala anakwana asanu ndi atatu, onsewo a m'chigawo chathu cha Tete, ena mwa iwo a m'boma lino la Moatize. Akatswiri atakayeza kachilomboko anapeza kuti kanachokera ku Pakistan.

Musadabwe kuti kanayenda bwanji mtunda wonsewo. Kachilombo ka poliyo kamatuluka ndi chimbudzi cha munthu, n'kulowa mwa wina kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'chakudya. Ambiri amene kawalowa sadwala n'komwe. Amayenda, amagulitsa pamsika, amasewera ndi anzawo. Mwa ana pafupifupi 200 amene atenga kachilomboka, mmodzi ndiye amapuwala, ndipo kupuwalako kulibe mankhwala. Mwendo ukalefuka walefuka. Ena amamwalira chifukwa minofu yopumira nayo imafooka. Choncho pamene tikuwerenga ana asanu ndi atatu, tidziwe kuti kumbuyo kwawo kunali mazanamazana onyamula kachilomboko mosadziwa. Ndipo ife tikukhala m'mphepete mwa msewu waukulu wopita ku Zóbuè. Ndani mwa ife alibe mbale wake ku Mwanza, ku Neno kapena ku Blantyre? Timapita ku maliro, ku nikah, ku misika, makanda ali kumsana. Pachipata amatifunsa zikalata, koma chimene chili m'matumbo mwa mwana palibe mlonda angachione.

Boma lathu, pamodzi ndi a Malawi, Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe, linatumiza anthu a katemera khomo ndi khomo. Munawaona: bokosi lozizira paphewa, madontho awiri m'kamwa mwa mwana, utoto pakachala kakang'ono, ndi chizindikiro cha choko pachitseko. Anayamba ndi ana osakwana zaka zisanu, kenako anafikira onse osakwana zaka 15. Ana oposa 50 miliyoni analandira madonthowo m'mayiko asanuwo, ndipo mu Meyi 2024 kunalengezedwa kuti mliriwo watha. Tikuthokoza Allah pa zimenezi, ndipo tikuwapempherera amayi ndi anyamata amene anayenda padzuwa la ku Tete atanyamula mabokosi aja.

Koma ntchito yonseyi, ya ndalama zambiri ndi magalimoto ambiri, imathera pamalo amodzi: pachitseko cha nyumba. Ndipo kawirikawiri wogwira chitsekocho ndi bambo. Mayi amafuna kumutulutsa mwana, koma amati, "Adikire abwere eni nyumba." Eni nyumba atabwera amati ayi. Abale athu aamuna, khutbah ino ikuyang'ana ife.

Zifukwa zokanira timazimva, ndipo sitizinyoza zonse. Wina amati, "Anthu obwera ndi magalimoto anatilonjezapo zambiri." N'zoona. Mabanja oposa 700 anasamutsidwira kuno ku Cateme m'zaka za 2009 ndi 2010 kuchokera ku Chipanga, Mithethe, Malabwe ndi Bagamoyo kuti malasha akumbidwe, ndipo amene analipo akukumbukira ming'alu ya m'makoma, minda ya miyala, ndi tsiku lija la mu Januwale 2012 pamene anthu anakakhala panjanji. Munthu wopsa mtima choncho sakhulupirira msanga mlendo wonyamula kaundula. Koma mkwiyo wathu pa akuluakulu usalipidwe ndi mwendo wa mwana. Iye sanasainire pangano lililonse.

Wina amati madonthowa amaletsa kubereka ndipo anawakonzera Asilamu. Mphekesera imeneyi si yatsopano, ndipo mtengo wake unalipidwa kale ndi abale athu. M'chaka cha 2003 atsogoleri ena a kumpoto kwa Nigeria anaimitsa katemerayu pa chifukwa chomwechi. Ku Kano anakhala pafupifupi chaka chathunthu osatemera. Kachilombo kanatuluka m'menemo n'kufalikira m'mayiko pafupifupi 20, mpaka ku Sudan, ku Yemen ndi ku Indonesia, ndipo ambiri mwa ana amene anapuwala anali ana a Asilamu. Mu 2004 a ku Kano anayambiranso kutemera, pogwiritsa ntchito katemera wopangidwa ku Indonesia, dziko limene panthawiyo linali ndi Asilamu ambiri kuposa lina lililonse. Ana amene analandira madontho nthawi imeneyo lero ndi makolo. Maulama a ku Al-Azhar ku Cairo ndi a bungwe la Fiqh la ku Jeddah anaifufuza nkhaniyi, nagamula kuti katemerayu ndi wololedwa ndipo kumpereka kwa mwana ndi udindo wa kholo. Opita ku Haji kuchokera m'mayiko amene muli poliyo amafunsidwa chikalata cha katemerayu, ndipo ena amadonthezeredwa pofika, ngakhale nkhalamba za ndevu zoyera. Chimene hajji amachilandira pakhomo la Makka, tingachitche haramu pakhomo la Cateme? Zimatipweteka kunena kuti mayiko awiri okha amene mtundu wakale wa poliyo sunathebe, Pakistan ndi Afghanistan, ndi mayiko a Asilamu.

Chifukwa chachitatu ndicho chofunika kuchiyankha mofatsa, pakuti chimavala mkanjo wa chikhulupiriro. Munthu amati, "Chimene Allah analemba chidzachitika, ine ndayadzamira mwa Iye." Funso limeneli linafunsidwa kale, ndipo analifunsa anali woposa ife tonse. Khalifa Umar bin Al-Khattab (Allah asangalale naye) anali paulendo wopita ku Sham. Atafika pamalo otchedwa Sargh anakumana ndi akuluakulu a asilikali, pakati pawo Abu Ubaidah bin Al-Jarrah, amene anamuuza kuti kutsogoloko kwagwa mliri. Umar anaitana Muhajirina, iwo anasiyana maganizo. Anaitana Answari, nawonso anasiyana. Anaitana nkhalamba za Akuraishi, izo zinagwirizana kuti abwerere, ndipo iye analamula kuti anthu akonzeke kubwerera. Abu Ubaidah anamufunsa ngati kumeneko sikuthawa chikonzero cha Allah. Umar anavomera kuti akuthawadi, koma kuti kumene akuthawirako nakonso ndi chikonzero cha Allah. Napereka fanizo la mwini ngamira amene wafika pachigwa cha mbali ziwiri, ina ya msipu wobiriwira, ina youma: akadyetsa kobiriwira wadyetsa mwa chikonzero cha Allah, akadyetsa kouma wadyetsanso mwa chikonzero cha Allah. Pambuyo pake anafika Abdur-Rahman bin Auf, amene sanalipo pokambiranapo, nawauza kuti anamva Mtumiki akuletsa kulowa m'dziko la mliri ndi kutulukamo mothawa. Umar anathokoza Allah, nabwerera.

Onani, abale, kuti m'fanizo la Umar mbali zonse ziwiri ndi za Allah, koma m'busa ndiye amasankha kokadyetsa, ndipo adzafunsidwa za kusankhako. Munthu yemweyo amene amati katemera ndi kusakhulupirira, madzulo amatseka khola, amathira mankhwala m'chimanga kuopa anankafumbwe, ndipo amayang'ana uku ndi uku asanaoloke msewu wa malole. Kuyadzamira kwake kumayamba pokhapokha pamene chinthucho chikukhudza mwana amene sangadziyankhulire.

Ena amadandaula kuti a katemera amabwera kawirikawiri: "Mwanayu analandira kale." Kubwereza kuli ndi chifukwa. M'madera otentha ngati lathu, kumene ana amatsegula m'mimba pafupipafupi, madontho a ulendo umodzi sagwira mwa ana onse, ndipo kuwonjezera sikuvulaza. Komanso mwana wotemeredwa bwino amatseka njira imene kachilombo kakanadzera kupita kwa khanda la mnansi. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tanena mawu athuwa, ndipo tikumupempha Allah chikhululuko, ife ndi inu. M'pempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBAH YACHIWIRI

Alhamdulillah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wa Allah.

Inu akapolo a Allah, kulengezedwa kuti mliri watha sikutanthauza kuti tipinde manja. Chimene chimateteza mudzi chaka ndi chaka ndi ulendo wa kusikelo. Mwana amalandira katemera pobadwa, pa miyezi iwiri, itatu ndi inayi, kenako wa chikuku pa miyezi 9 ndi 18. Zonsezi n'zaulere ndipo zimalembedwa pa khadi lija timalitcha cartão. Tikupempha bambo aliyense kuti lero akafika kunyumba alitenge khadilo, aliwerenge, kapena apeze womuwerengera. Ngati pali malo osadzazidwa, aperekeze mayi kuchipatala. Njinga imene imanyamula makala ingathenso kunyamula mayi ndi mwana. M'Surat Al-Baqarah, ayah 233, Allah watchula zaka ziwiri zoyamwitsa, ndipo m'ayah yomweyo waika chakudya ndi chovala cha mayi woyamwitsayo pamutu pa bambo. Achipatala akamati khanda liyamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, ife tisaiwale kuti bere limatuluka m'mbale ya mayi.

Pali chitseko china chimene bambo amagwira, ndipo ichi amachitsegula pamene anayenera kuchitseka. Tikunena za kukwatitsa ana. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo ku Maputo inakhazikitsa lamulo nambala 19/2019, loletsa ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18. Wamkulu wokwatira mwana angathe kukhala m'ndende zaka mpaka 12, ndipo lamulolo sililekerera makolo omupereka kapena mtsogoleri wa chipembedzo womanga ukwatiwo. Tikudziwa kuti njala ndiyo imakankha ambiri. Koma waliyy anaikidwa kuti ayang'ane ubwino wa mtsikana, ndipo mtsikana wa zaka 14 amene mafupa a m'chiuno mwake sanakhwime akatenga pathupi, moyo wake ndi wa khandalo umakhala pangozi. M'Surat At-Takwir tauzidwa kuti kamtsikana kokwiriridwa kamoyo kadzafunsidwa za tchimo limene kanaphedwera. Tiope kuti mwana wathu angadzaime tsiku limenelo ali ndi mlandu wotiimba. M'mzikiti uno sitimanga nikah tisanaone chikalata chobadwira cha mkwati ndi mkwatibwi. Musachite manyazi tikakufunsani, ndipo musatumize akuluakulu kudzatinyengerera. Amene akudziwa za mwana wozunzidwa kapena wokakamizidwa ukwati auze a mfumu, a secretário kapena ife, apo ayi aimbe 116, nambala yaulere ya Linha Fala Criança.

Kwa aphunzitsi a madrasa athu tingoti: ndodo siinalowetsepo Qur'an mumtima wa mwana. Ndipo ana akamaweruka, wamkulu mmodzi aziwaolotsa pamsewu.

A katemera akadzabweranso, khonde la mzikiti uno n'lotseguka kwa iwo, ndipo tidzalengeza tsikulo pambuyo pa swala ya Fajr ndi ya Isha.

E, Allah! Chiritsani ana odwala m'nyumba zathu ndi m'zipatala za Moatize ndi Tete. Apatseni chipiriro ndi thandizo makolo a ana amene anapuwala, ndipo anawo muwatsegulire makomo a maphunziro ndi rizki. Achitireni chisoni ana athu amene anatsogola, muwachite kukhala otidikira pakhomo la Jannah. Alimbitseni anamwino, azamba ndi onse oyenda m'midzi chifukwa cha umoyo wa ana. Aongoleni atsogoleri a dziko lathu ku chilungamo, mutipatse mvula yokwanira ndi mtendere. Tikhululukireni ife, makolo athu ndi Asilamu onse, amoyo ndi akufa. Amin.

Imirirani, muongole mizere, tiswali.