Tsiku la Sikelo

Werengani nkhani iyi.

Dzulo linali tsiku la sikelo. Amai anabereka mng'ono wanga kumbuyo. Ine ndinanyamula kadi yake. Ambuye nawonso anabwera nafe.

Kukiliniki tinapeza azimai ambiri pamzere. Itafika nthawi yathu, anesi anakoleka mwana pa sikelo. Analira pang'ono cabe. Anesi analemba kadontho pa kadi, kenaka anayang'ana amai.

“Amake mwana, onani apa,” anatero anesi. “Mwanayu ali ndi miyezi 9. Mwezi watha analemera makilogalamu 7. Lero ndi 7 yomweyo. Mzere sunakwere.”

Amai anada nkhawa. “Nanga ndi cani? Sadwala iyai.”

“Mumampatsa cani?” anafunsa anesi.

“Bere ndi phala lamadzi,” anayankha amai.

“Bere pitirizani mpaka zaka 2. Koma phala likhale lolimbako. Muziikamo nsawa zosinja, dzira kapena kapenta wosinja. Muzimpatsanso cibwabwa, nthoci ndi papaya. Azidya katatu kapena kanai pa tsiku, m'mbale yakeyake.”

Ambuye anapukusa mutu. “Ine ndifuna mdzukulu wonenepa kwambiri. Kunenepa ndiye thanzi!”

Anesi anamwetulira. “Iyai ambuye, si nthawi zonse. Mwana wina amatupa mapazi ndi nkhope cifukwa cosowa zakudya zomanga thupi. Anthu amati wanenepa, koma akudwala. Komanso munthu akanenepa kwambiri, mtima umagwira nchito yolemetsa. Akhoza kudwala shuga kapena BP. Ife tifuna mwana azikwera pa sikelo pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi.”

“Ooh, kansi ndi tero!” anatero ambuye. “Nsawa zili m'nkhokwe. Ndikasinja ndine.”

Titafika kunyumba, ambuye anatenga mtondo ndi munsi. Ine ndinasamba m'manja ndi sopo, ndipo ndinathandiza amai kudyetsa mwana. Anamaliza phala lonse. Mwezi wamawa tidzapitanso ku sikelo. Ndifuna kukaona ngati mzere wakwera.

Kumbukirani

Ana ambiri amabadwa ndi makilogalamu pafupifupi 3. Pofika caka cimodzi, amalemera pafupifupi katatu kuposa pobadwa. Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba. Ana osakwana zaka 5 azipita ku sikelo. Kuonda kwambiri si bwino. Kunenepa kwambiri si bwinonso. Idyani zakudya zosiyanasiyana, sewerani, ndipo musazolowere zakumwa za shuga wambiri.

Mau atsopano

sikelo, kulemera, thanzi, kutupa, kuonda, kunenepa

Yankhani mafunso awa.

1. Kodi mwana anali ndi miyezi ingati?
2. N'cifukwa cani amai anada nkhawa?
3. Chulani zakudya zitatu zoika m'phala.
4. Kodi ambuye anaganiza zotani za kunenepa?
5. Chulani matenda awiri amene angabwere munthu akanenepa kwambiri.

Nchito

Lembani ziganizo ziwiri pogwiritsa nchito mau awa: kuonda, kunenepa.

Mukafika kunyumba, pemphani akulu akuonetseni kadi ya sikelo, yanu kapena ya mng'ono wanu. Kodi mzere ukukwera kapena ukutsika? Mawa mudzauze aphunzitsi zimene mwaona.