PHUNZIRO: MNANSI WATHU WOSAKHULUPIRIRA MULUNGU



Munthu akatsika chitunda cha Chiweta pa mseu waukulu wopita ku Karonga, naona nyanja ili tambalale kunsi kwake, amafika m'dziko limene chikristu chinazika mizu kalekale. Pamwamba pa mapiri, ku Khondowe, Dr Robert Laws anakhazika mishoni ya Livingstonia m'chaka cha 1894, ndipo kuyambira pamenepo sukulu, chipatala ndi tchalitchi zakhala zikuyendera pamodzi. Lero msonkhano wa mfumu umatsekulidwa ndi pemphero, ana a sukulu amayamba tsiku ndi pemphero, ndipo m'basi momwe mlaliki amaimirira nalalika popanda womletsa. Kwa ife zonsezi n'zokoma, ndipo tazizolowera kotero kuti sitizionanso. Koma pakati pathu alipo anthu ena, owerengeka ndithu, amene sakhulupirira kuti Mulungu aliko. Phunziro la lero lifunsa: kodi moyo wao uli wotani pakati pa ife, nanga Eklezia atiphunzitsa kuwachitira chiyani?

1. Kodi anthuwa ndani?

Tisasokoneze magulu atatu. Alipo otsata chipembedzo cha makolo. Amenewa amadziwa Chauta, kapena Chiuta monga anenera Atumbuka. Alipo akristu ofooka amene analeka Misa koma mumtima akhulupirirabe. Tsono alipo ena amene anaganiza, nafika ponena kuti sapeza chifukwa chokhulupirira Mulungu. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'Malawi, 77 ndi akristu, pafupifupi 14 ndi Asilamu, ndipo 2 okha anati alibe chipembedzo. Mwa awiriwo si onse amene amakana Mulungu. Choncho wosakhulupirira kawirikawiri amakhala yekha m'banja mwake, yekha pantchito, yekha m'mudzi.

2. Mwayi umene tili nawo osaudziwa

Malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994, pa gawo 33, amapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, wa chipembedzo ndi wa maganizo. Malawi sanalembe m'malamulo ake kuti ndi dziko lachikristu, monga anachitira a ku Zambia, kumene Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza zimenezi mu 1991, nazilowetsa m'malamulo mu 1996. Komabe pa moyo wa tsiku ndi tsiku mkristu amayenda pa njira yolambula. Khrisimasi, Lachisanu Loyera ndi Lolemba la Pasaka ndi masiku a tchuthi a dziko lonse. Nyimbo ya fuko, imene anaipeka Michael Sauka, ndi pemphero. Mkristu akatchula mpingo wake, anthu amamuyesa wokhulupirika asanaone n'komwe ntchito zake.

Tiyerekeze tsono mnyamata wa ku Chiweta amene wauza makolo ake kuti sakhulupiriranso. Akapita kukafunsira mbeta, funso loyamba la akuchikazi likhala lakuti, "Mumapemphera kuti?" Akanena zoona, ukwati ungathere pomwepo. Akafuna malo pa sukulu ya mpingo kapena ntchito imene amafunsako kalata ya abusa kapena ya bambo mfumu, alibe womlembera. Pa msonkhano amaweramitsa mutu pamodzi ndi onse, kuopa maso a anthu. Akapeza bwino pa malonda a usipa kapena a makala, ena amanong'ona kuti ndi wa satana. Akadwala mwana wa mnansi, dzina lake ndilo liyamba kutchulidwa.

Koposa zonse ndi pa maliro. Kwathu kuno mpingo ndiwo umagona pa siwa, amayi a mpingo ndiwo amaimba ndi kuphika, ndipo mlaliki ndiye amatsogolera ku manda. Munthu wopanda mpingo amadziwa kuti tsiku lake kudzakhala zii, kapena kuti wina adzaimirira pa bokosi lake nasandutsa moyo wake chitsanzo choopsezera amoyo, mkazi wake ndi ana ake alikumva. Chifukwa cha mantha amenewa ena amasunga dzina lao m'kaundula wa mpingo pamene mtima unachokamo kale. Kodi chimenechi tingachitche chikhulupiriro? Iyayi, ndi chinyengo chimene ife tomwe tawakakamiza kuchita.

3. Chimene Eklezia aphunzitsa

Eklezia sanaleke ndipo sadzaleka kuphunzitsa kuti Mulungu aliko, ndi kuti kumkana ndi kulakwa kwa maganizo kumene kumamana munthu chuma chachikulu. Koma Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, pa 7 December 1965, unatulutsa zikalata ziwiri zoyenera kuzidziwa katekisiti aliyense. Choyamba, Dignitatis Humanae, chiphunzitsa kuti pa nkhani ya chipembedzo munthu asakakamizidwe ndi wina aliyense kuchita zotsutsana ndi chikumbumtima chake, pakuti chikhulupiriro chimene sichichokera mu ufulu si chikhulupiriro konse. Chachiwiri, Gaudium et Spes, pa ndime 19 mpaka 21, chikamba za okana Mulungu, ndipo chinena mau owawa: kuti akristu eni ake ali ndi mbali pa mlanduwu, pamene saphunzira bwino chikhulupiriro chao, kapena achiphunzitsa mokhota, kapena moyo wao ubisa nkhope yeniyeni ya Mulungu. Chikalata chomwecho chitiitana kugwira ntchito pamodzi ndi osakhulupirira pokonza dziko lino. M'chaka chomwecho Papa Paulo VI anatsegula ofesi yokambirana ndi osakhulupirira, naika Kardinala Franz König wa ku Vienna kuti aitsogolere.

Ife akatolika a kumpoto tiyenera kumva zimenezi msanga kuposa ena. Mpingo wathu unafika mochedwa m'chigawo chino. Dera lake loima palokha linakhazikitsidwa mu 1947, ndipo dayosizi ya Mzuzu mu 1961. Makolo athu m'chikhulupiriro anadziwa kukhala ochepa pakati pa ambiri. Tikumbukenso a Mboni za Yehova, amene boma linawaletsa mu 1967, nazunzidwa, ambiri nathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Pamene maepiskopi athu analemba kalata yao ya pa 8 March 1992, anapempha ufulu wa kuganiza ndi kulankhula kwa Amalawi onse, osati kwa akatolika okha.

4. Chimene tingaphunzire kwa iwo

Lamulo la mu 1911 linaletsa kunenera munthu ufiti, komabe kwa zaka zambiri nkhalamba zinali kumenyedwa ndi kutsekeredwa m'ndende pa milandu yotere. Mmodzi wa amene anaziyankhulira molimba, cha m'ma 2010 ndi 2011, anali a George Thindwa, mtsogoleri wa bungwe la Association for Secular Humanism, munthu wosapembedza. Anayendera amayi okalamba m'ndende nalimbikira kuti amasulidwe. Ambiri mwa amene anawaneneza anali obatizidwa. Werengani Luka mutu 10: wansembe ndi Mlevi analambalala wovulala uja, ndipo amene anaima anali munthu amene Ayuda ankamuyesa wosokera pa chipembedzo. Werenganinso Mateyo mutu 25, muone mafunso amene Ambuye Yezu adzafunse pa tsiku lomaliza.

5. Zoti tichite

Choyamba, tisatche munthu wa satana kapena mfiti chifukwa sapemphera. Kumeneko ndi kuchimwira lamulo lachisanu ndi chitatu. Chachiwiri, maliro a wosakhulupirira tikagoneko, tikakumbe manda, tikaphike. Kuika akufa ndi ntchito ya chifundo, ndipo chiweruzo n'cha Mulungu yekha. Chachitatu, pa chitukuko cha m'mudzi, pa chithandizo cha njala ndi pa chipatala, tisafunse za mpingo wa munthu tisanamthandize. Chachinayi, inu makolo, mwana akakuuzani kuti akukayika, musampirikitse. Mkhazikeni pansi, mumve mafunso ake, ndipo chimene simuchidziwa mukafunse kwa bambo mfumu. Mwana wopirikitsidwa sabwerera, koma womvedwa amasiya khomo lotsekula. Chachisanu, inu akatekisiti, phunzirani katekisimu mozama, kuti wofunsa alandire yankho, osati chiopsezo.

Mafunso a m'Limana

(a) Kodi m'mudzi mwathu munthu angathe kunena poyera kuti sakhulupirira, osataya abale kapena ntchito?
(b) Pa maliro omaliza a munthu wopanda mpingo, ife tinachita chiyani, nanga tinanena chiyani?
(c) Ndi makhalidwe ati a ife akristu amene angachititse wachinyamata kukayika Mulungu?

Lamulungu likudzali, pa mapemphero a akristu, tiikepo pempho limodzi la abale athu osakhulupirira, ndi lina la ife eni, kuti moyo wathu usawatsekere njira.