Klorini ndi Madzi a Pampopi

Madzi a mumtsinje wa Shire, amene a Blantyre Water Board amapopa ku Walker's Ferry, asanafike pampopi amayamba adikhitsidwa, nasefedwa, ndipo potsiriza pake amathiridwa klorini, mwini kafungo kaja kamene mumakamva ndowa ikamadzaza. Ntchito yake ndiyo kupha tizilombo ta kolera, tayifodi ndi kamwazi. Koma paja akuluakulu anati walira mvula walira matope, pakuti klorini akakumana ndi zotsalira za masamba oola, udzu ndi ndowe zimene mvula yakokololera mumtsinje, zina mwa izo zosungunuka kotero kuti diso silingazione, amaphatikana nazo, ndipo pamabadwa mankhwala ena amene munthu sanawathiremo.

Amene anatulukira zimenezi ndi Johannes Rook, katswiri wa zamadzi mumzinda wa Rotterdam ku Netherlands, m'chaka cha 1974, ndipo odziwika kwambiri mwa mankhwalawo amatchedwa chloroform. Ofufuza aona kuti anthu amene amwa madzi ochuluka mankhwala otere kwa zaka zambirimbiri, khansa ya chikhodzodzo imawapeza kaŵirikaŵiri pang'ono kuposa anzawo. Bungwe la World Health Organization nalo linalangiza kuti chloroform asapitirire mamiligalamu 0.3 pa lita imodzi ya madzi.

Wina asamve izi ndi khutu limodzi n'kubwerera kudambo. Ngoziyi ndi yaing'ono, ndiponso imafuna zaka, pamene kolera, amene m'zaka za 2022 ndi 2023 anatilanda abale oposa 1,700 muno m'Malaŵi, akhoza kugwetsa munthu wamphamvu dzuŵa lisanaloŵe.

Tsono inu amene mumadzithirira nokha WaterGuard, kapena klorini wolandira kwa alangizi a zaumoyo, tcherani khutu apa. Madzi akakhala amatope, musafulumire kuthira mankhwala. Alekeni adikhe kufikira nsenga zitakhala pansi, ndipo muwatsanulire pang'onopang'ono m'ndowa ina kupyolera pachitenje chochapa bwino chimene mwachipinda kangapo, osagwedeza za pansi zija. Pakuti zinyalala zikachepa, klorini amapeza zochepa zophatikana nazo, ndipo mphamvu yake imathera pa tizilombo. Mukatero thirani mlingo umene walembedwa pabotolo kapena umene alangizi anakuuzani, vundikirani, ndipo mudikire mphindi 30. Alipo amayi ena achangu amene amathira mongoyerekeza, poganiza kuti fungo likakula ndiye kuti madzi ayera koposa. Amenewo amangotaya ndalama, ndipo ana, ponyansidwa ndi kuŵaŵa kwake, amakamwa kumadzi osatetezedwa.

Ngati fungo la madzi a pampopi likuvutani, athireni mumtsuko woyera, muphimbe kukamwa ndi nsalu yochapa, agone usiku umodzi. Fungolo lidzachepa, koma popeza klorini naye wachepa, muzitunga ndi chikho chimodzi chachigwiriro, zala zisakhudze madzi, ndipo muwamalize tsiku lomwelo.