Liwiro ndi Kiyi mu Nyimbo Yotsegulira Sewero la William Tell

Ku Ulaya kuli masewero amene anthu ake amaimba m'malo moyankhula. Sewero lotere limatchedwa opera. Nsalu yotchinga bwalo isanatsegulidwe, gulu lalikulu la oimba ndi zida zokhazokha, lotchedwa okesitira, limayamba laimba nyimbo yopanda mawu. Nyimbo imeneyi dzina lake ndi overture, ndipo ntchito yake ndi kutontholetsa anthu ndi kukonzekeretsa mitima yawo kuti ilandire nkhani imene ikubwera.

Imodzi mwa nyimbo zotchuka zamtunduwu ndi yotsegulira sewero la William Tell. Anaipeka ndi Gioachino Rossini wa ku Italy, amene anabadwa mu 1792 n'kumwalira mu 1868. Sewerolo linaonetsedwa koyamba ku Paris mu 1829. Nkhani yake ndi ya William Tell, katswiri woponya mivi wa ku Switzerland, amene bwanamkubwa wankhanza woimira dziko la Austria anamukakamiza kulasa apozi woikidwa pamutu pa mwana wake. Ngakhale nyimboyi ilibe mawu, womvera amatha kuzindikira bata, mantha ndi chimwemwe. Zinthu ziwiri zimene zimathandiza kwambiri kuti izi zitheke ndi liwiro ndi kiyi.

Liwiro

Nyimbo iliyonse ili ndi kugunda kwake, kumene munthu amatsatira akamaomba m'manja kapena kupondaponda pansi. Liwiro ndi kufulumira kapena kuchedwa kwa kugunda kumeneku. Nyimbo yogunda ka 60 pa mphindi imodzi imayenda limodzi ndi masekondi a wotchi. Yogunda ka 120 imathamanga kawiri kuposa pamenepo.

Opeka nyimbo amalemba liwiro pamwamba pa pepala la oimba, kawirikawiri m'Chitaliyana. Akalemba Andante, nyimbo iyende modekha. Akalemba Allegro, ifulumire. Allegro vivace ndiye kufulumira kwambiri ndi mwamphamvu. Wotsogolera okesitira amasonyeza liwiro ndi manja ake kapena kandodo, kuti oimba onse ayendere limodzi.

Kiyi

Oimba kwaya amadziwa kuti nyimbo isanayambe, mmodzi amapereka kiyi kuti onse ayambire pamodzi. Kiyi ili ngati kwawo kwa nyimbo: nyimbo imachokako, kuyendayenda, kenaka n'kubwerera. Makiyi amatchulidwa ndi zilembo kuyambira A mpaka G, ndipo alipo a mitundu iwiri. Wina ndi major, umene umamveka ngati do, re, mi, fa, so, la, ti, do. Wina ndi minor, umene umamveka ngati wayambira pa la n'kukathera pa la. Nthawi zambiri major amamveka mowala ndi mosangalala, pomwe minor amamveka mwachisoni kapena moopsa. E major ndi E minor amayambira pa liwu limodzimodzi, koma mu minor liwu lachitatu limatsika pang'ono, ndipo kutsika kumeneku kumasintha mmene nyimbo ikumvekera.

Magawo anayi a nyimboyi

Nyimbo ya Rossini imatenga mphindi pafupifupi 12. Ili ndi magawo anayi otsatizana popanda kupumira.

Gawo loyamba likusonyeza mbandakucha kumapiri. Amaliimba modekha ndi machelo asanu. Chelo ndi chida cha zingwe zinayi chofanana ndi vayolini, koma chachikulu ndi cha mawu a pansi. Gawoli limayambira mu E minor n'kulowa mu E major, motero mdima umamveka ukusanduka kuwala. Ng'oma zikuluzikulu zimagunda chapansipansi kuchenjeza kuti mvula ili m'njira.

Gawo lachiwiri ndi namondwe. Liwiro limakwera ndipo kiyi ndi E minor. Mavayolini amayamba kunjenjemera, zitoliro zimaponya timawu tatifupitifupi ta madontho oyamba a mvula, kenaka zida zonse zimaphulika pamodzi ndi malipenga ndi ng'oma. Pamapeto pake phokoso limachepa mpaka kutsala chitoliro chokha.

Gawo lachitatu ndi bata lobwera mvula itakata. Liwiro limatsikanso, ndipo kiyi imasintha kukhala G major. Chida chouzira chotchedwa cor anglais chimaimba nyimbo ya abusa a ng'ombe a ku Switzerland, chitoliro n'kumachivomera.

Gawo lomaliza limatsegulidwa ndi malipenga ofuula. Liwiro lake ndi Allegro vivace, kiyi ndi E major, ndipo kugunda kwake kumamveka ngati akavalo ali pa liwiro. Limeneli ndi gawo la chipambano, ndipo ndilo limadziwika kwambiri chifukwa limamveka m'mafilimu ambiri.

Nyimbo yojambulidwa

Magulu ambiri a okesitira anajambulitsa nyimboyi, ndipo imapezeka pa mbale za nyimbo, pa wailesi ndi pa intaneti. Kiyi sisintha chifukwa inalembedwa ndi mwiniwake. Liwiro lokha ndilo limasiyana pang'ono, popeza wotsogolera aliyense amasankha kuti kufulumira kufike pati. Wina akathamangitsa gawo lomaliza limamveka laphuma, wina akalibweza pang'ono limamveka lolemera ndi laulemu. N'chifukwa chake nyimbo yomweyi imatha msanga pa mbale ina, n'kutalikirapo pa mbale inzake.

Mafunso

1. Kodi overture imaimbidwa nthawi yanji, ndipo ntchito yake ndi yotani?
2. Kodi major ndi minor amasiyana bwanji pomveka?
3. Kodi liwiro ndi kiyi zimasintha bwanji kuchoka pa gawo lachiwiri kupita pa lachitatu?
4. N'chifukwa chiyani nyimbo imodzi imatha kusiyana kutalika ikajambulidwa ndi magulu awiri?