Mapapo a Achinyamata a ku Korea: Adokotala Akuyankha Makalata Anu

WOULUTSA: Adokotala afika kale, ndiye tisachedwe. Kalata yoyamba yachokera kwa mtsikana amene akuphunzira unamwino. Akuti: "Ndamva kuti madokotala a ku South Korea ali ndi masamu awoawo owerengera mphamvu ya mapapo. Kodi mapapo si amodzimodzi kulikonse?"

DOKOTALA: Zikomo achemwali. Tiyambe ndi kayezedwe kake. Munthu amakhala pampando, timamupana mphuno, amavumata kapaipi ka makina otchedwa spirometer. Amakoka mpweya mpaka chifuwa kudzaza, kenako n'kuuzira ndi mphamvu zonse, woyeza akumukuwira kuti "uzirani, uzirani, musasiye!" Amabwereza kosachepera katatu. Mpweya wonse umene watuluka timautcha FVC, ndipo umene watuluka m'sekondi yoyamba ndi FEV1.

Tsono makina akalemba malita 4, ndi ambiri kapena ochepa? Kwa mtsikana wamfupi ndi ambiri ndithu, koma kwa mnyamata wamtali ngati mlongoti ndi ochepa. John Hutchinson anaona zimenezi ku London mu 1846, kuti mpweya wa munthu umayendera kutalika kwake. N'chifukwa chake timayerekeza zotsatira zanu ndi za anthu athanzi, osasuta fodya, ofanana nanu kutalika, zaka, komanso ngati ndinu mwamuna kapena mkazi.

Funso n'lakuti anthu athanziwo ndi ati. Kwa nthawi yaitali zipatala zambiri ku Korea zinkagwiritsa ntchito masamu a Morris a mu 1971, amene anachokera kwa anthu a ku Oregon ku America. Komatu anthu awiri otalika mofanana akhoza kusiyana chifuwa, wina kutalika kwake kuli m'miyendo, wina m'thunthu. Mu 2005 katswiri wina dzina lake Choi ndi anzake anatulutsa masamu ochokera kwa anthu a ku Korea enieni, amene anayezedwa pa kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2001.

WOULUTSA: Akufunsanso kuti, bwanji poyeza mapapo chidwi chili pa achinyamata, poti sadwaladwala?

DOKOTALA: Mapapo amafika pachimake pakati pa zaka 20 ndi 25, kenako amatsika pang'onopang'ono. Amene wayamba ndi mapapo ochepa mphamvu sachedwa kubanika akamakula. Ndiponso achinyamata a ku Korea si ofanana ndi agogo awo. Akazi obadwa mu 1996 ndi aatali kuposa obadwa mu 1896 ndi masentimita pafupifupi 20. Mtundu ukasintha chonchi, muyezo wakale suyenera kudaliridwa osauunikanso.

WOULUTSA: Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Zomba. Mwana wawo wa zaka 22 akuphunzira ku Seoul. Amatsokomola usiku, ndipo akamasewera mpira pachifuwa pamalira. Atayezedwa, pepala linasonyeza FEV1/FVC ya 0.74, ndipo mnzake anamuuza kuti chilichonse chopitirira 0.70 ndiye kuti ali bwino.

DOKOTALA: Bambo, mnzakeyo asamunamize. Malire a 0.70 amathandiza kwambiri kwa achikulire amene tikuwaganizira matenda a mapapo otchedwa COPD. Wachinyamata wathanzi nthawi zambiri amapitirira 0.80, motero 0.74 pa msinkhu umenewo, pamodzi ndi chifuwa cha usiku, ine sindingaigonere tulo. Ikhoza kukhala mphumu. Ayang'ane papepalapo pamene palembedwa LLN, amenewo ndiwo malire a m'munsi a anthu a msinkhu wake.

Afunsenso kuti anamuyerekeza ndi ndani, pakuti iye si Mkoreya. Masamu ena otchedwa GLI a mu 2012 anagawa anthu m'magulu, ndipo Korea inali m'gulu la kumpoto chakum'mawa kwa Asia. Mu 2023 bungwe la American Thoracic Society linalangiza kuti kugawa anthu potengera mtundu kulekeke. Akatswiri akadakambiranabe, koma ine ndimati nambala isamalankhule yokha, timvenso zimene wodwala akunena.

Muuzeni abwerere kuchipatala akapemphe kuyezedwanso atapopera salbutamol ndi kudikira mphindi 15. Mpweya ukakwera kwambiri, ndi chizindikiro champhamvu cha mphumu, ndipo mankhwala ake alipo. Miyezi ya March mpaka May, fumbi lachikasu lochokera ku zipululu za ku China ndi Mongolia likafika ku Seoul, azivala masiki potuluka panja. Asadikire tchuthi kuti adzayezedwe kuno.