Galasi mu ng'anjo: n'chifukwa chiyani limasweka likamazizira?

Mutafunsa anthu kuti choopsa n'chiyani poika galasi mu ng'anjo yotentha madigiri 800, ambiri anganene kuti ndi motowo. Ine ndikuti ayi. Kutentha kumeneko galasi limakupirira bwinobwino. Chimene silipirira n'chakuti mbali ina ikhale yotentha ina ili yozizira. Lero ndikufuna titsate mfundo imeneyi poona luso la anthu amene amapanga mbale, mikanda ndi zokongoletsa powotcha zidutswa za magalasi. Ndi phunziro lomwe lija la mu Fiziki lakuti zinthu zimafutukuka zikatentha ndipo zimakhwinyata zikazizira. Madigiri onse amene nditchule ndi a selesiyasi.

Galasi limafewa, silingosungunuka

Madzi oundana amasungunuka pa digiri 0, basi. Pansi pa 0 ndi olimba, pamwamba pake ndi madzi. Galasi silitero. Galasi wamba la mabotolo ndi mawindo amalipanga ndi mchenga, soda ndi laimu, ndipo maatomu ake sali m'mizere yandondomeko ngati a mchere. Ali mosokonekera ngati mmene amakhalira m'zinthu zamadzimadzi, kungoti sakutha kuyenda. Ndiye mukalitenthetsa limayamba kufewa pang'onopang'ono: choyamba limapindika, kenako limanyata, pambuyo pake limayenderera ngati uchi wokhuthara.

Amisiri amapezerapo mwayi pamenepa. Pakati pa madigiri 630 ndi 680 galasi lathyathyathya limafewa moti kulemera kwake komwe kumalitsitsira m'chikombole n'kukhala mbale. Pachingerezi ntchito imeneyi amati slumping. Cha m'ma 760 zidutswa zosanjikizana zimamatirirana koma chilichonse chimaonekabe pachokha. Cha m'ma 800 mpaka 810 zimalowana n'kukhala chinthu chimodzi chosalala, ndipo izi ndiye amati fusing. Manambalawa ndi a magalasi opangidwira ntchitoyi, monga a kampani ya Bullseye ya ku Portland ku America. Galasi la pawindo limafuna kutentha kokwererapo pang'ono.

Lusoli si ladzana. Ku Mesopotamia ndi ku Egypt ankalumikiza kale magalasi pamoto zaka zoposa 3,000 zapitazo, anthu asanatulukire zouzira mpweya m'galasi lotentha. Mpaka pano Akrobo a ku Ghana amasinja mabotolo akale, n'kuthira ufawo m'zikombole zadothi, n'kuwotcha mu ng'anjo za nkhuni kuti apange mikanda.

Ulendo wa mu ng'anjo

Ng'anjo zamakono ndi zamagetsi ndipo zili ndi kakompyuta kamene mmisiri amakauza zinthu zitatu pa gawo lililonse: kutentha kukwere kapena kutsike mofulumira bwanji, kukafike pa madigiri angati, ndipo kuime pamenepo mphindi zingati. Tiyerekeze kuti tikulumikiza magalasi awiri, lililonse lochindikala mamilimita 3.

Choyamba timakwera modekha, madigiri pafupifupi 220 pa ola. Galasi likadali lolimba ndipo silipititsa kutentha mwachangu, choncho likatentha kunja kokha mkati muli mozizira, limathetheka. Tikafika cha m'ma 670 timaima theka la ola kuti galasi lapamwamba likhale pansi pang'onopang'ono n'kufinyira kunja mpweya umene uli pakati. Kenako timakwera mwachangu kufika cha m'ma 805 n'kuima mphindi 10 zokha. Tikatero timatsika mwachangu mpaka madigiri 482. Apa galasi likadali lofewa, ndiye kuthamanga sikulipweteka.

Tsopanotu pa 482 ndi pamene pagona nkhani. Timaimapo ola lathunthu, kenako n'kumatsika mosapitirira madigiri 83 pa ola. Gawo limeneli amalitcha annealing. Zonse zikatha ng'anjo imasiyidwa yotseka mpaka itazizira yokha, ndipo kawirikawiri amatsegula mawa lake. Onani kuti pamwamba penipeni tinangokhalapo mphindi 10, koma kuzizira kwatenga maola ambirimbiri.

Chimene chimachitika mkati

N'chifukwa chiyani tikuima ola lonse pa 482? Galasi likamazizira, kunja ndi kumene kumayamba kulimba. Mkati mumakhala mukadali motentha komanso mofutukuka. Nthawi ikakwana yoti mkatimo namo mukhwinyate, mumapeza kuti kunja kwauma kale ndipo sikukulola. Ndiye mkati mumakoka, kunja kukana. Kukokana kumeneku kumatsekeredwa m'galasimo ngakhale litazizira, ndipo ndi maso simungakuone. Mbale yotero imatha kutuluka mu ng'anjo ili bwinobwino, n'kudzasweka yokha pa shelefu patapita mlungu kapena mwezi, popanda woikhudza.

Pa madigiri 482 galasi la mtunduwu limakhala lolimba mokwanira kuti lisasinthe maonekedwe, koma maatomu ake amathabe kusuntha pang'ono n'kumasula kukokanako. Kuimako kumapereka nthawi yoti kunja ndi mkati kufanane. Cholinga n'chakuti kusiyana kwa kutentha m'galasi lonse kusapitirire madigiri 5.

Galasi likachindikala, nthawi imachuluka modabwitsa. La mamilimita 6 limaima ola limodzi n'kutsika madigiri 83 pa ola. La mamilimita 12 limaima maola 2 n'kutsika madigiri 55 pa ola. La mamilimita 25 limaima maola 4 n'kutsika madigiri 15 okha pa ola. Mu 1934 kampani ya Corning itaumba galasi lotambalala mamita 5 la makina oonera nyenyezi a ku Palomar ku California, analiziziritsa kwa miyezi pafupifupi 10.

Kuti muone mphamvu ya kukokanaku, ganizirani izi. Mukadonthezera galasi losungunuka m'madzi ozizira, limauma ngati mbululu, mutu waukulu ndi kamchira. Mutuwo mutha kuumenya ndi hamala osasweka, koma mukangothyola nsonga ya kamchirako, dontho lonse limaphulika n'kusanduka ufa. Madontho amenewa amatchedwa ndi dzina la Prince Rupert, amene anawabweretsa ku England mu 1660. Magalasi a m'mbali mwa minibasi amawaziziritsa mwachangu mwadala pa chifukwa chofananacho, n'chifukwa chake ndi olimba koma akasweka amayoyoka tizidutswatizidutswa.

Si magalasi onse amene amagwirizana

Pali njira yachiwiri imene kukokana kumalowera. Mtundu uliwonse wa galasi uli ndi nambala yosonyeza mmene umafutukukira, yotchedwa COE. Magalasi ena a amisiri ali ndi 90, ena 96, pamene galasi la mabika ndi matesitichubu a mu labu lili ndi 33. Nambala ya 90 ikutanthauza 90 × 10⁻⁷ pa digiri iliyonse.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tengani galasi lotalika mamilimita 300, ngati rula yanu ija, mulitenthetse ndi madigiri 300. La COE 90 litalika ndi 300 × 0.0000090 × 300, zomwe ndi mamilimita 0.81. La mu labu litalika ndi 300 × 0.0000033 × 300, pafupifupi mamilimita 0.3. Kusiyana kwake ndi theka la milimita basi. Mwina mukuti n'zochepa, eti? Koma magalasi awiriwo akalumikizidwa n'kumazizira, lina likufuna kufupika kwambiri, linzake likukana, ndipo galasi silitamuka ngati mphira. Apa ngakhale mutaziziritsa mwezi wathunthu, vuto silichoka. N'chifukwa chake kusakaniza botolo lobiriwira ndi chidutswa cha windo nthawi zambiri kumathera ku mng'alu. COE yokha siyokwanira, chifukwa kafewedwe ka magalasiwo nako kayenera kugwirizana, ndiye amisiri amayamba ayesa kachidutswa kakang'ono asanawotche ntchito yaikulu.

Kuwerenga chimene chalakwika

Chimene chimandisangalatsa pa lusoli n'chakuti galasi lowonongeka limasunga umboni. Mmisiri sangotaya, amayamba waliyang'anitsitsa.

Poyamba amaona m'mphepete mwa mng'alu. Ngati ndi mosalala, mobulungira, ndiye kuti galasilo linasweka pokwera, ndipo kutentha kwa 800 kunadzasungunula m'mphepetemo pambuyo pake. Mankhwala ake ndi kukwera modekha. Ngati ndi mwakuthwa moti mutha kudzicheka, linasweka potsika kapena litazizira kale.

Kenako amaona njira imene mng'alu wadutsa. Wokhotakhota ngati chilembo cha S wodutsa pakati kawirikawiri umasonyeza kuti annealing inachepa, kapena wina anasuzumira mu ng'anjo isanazizire. Wotsatira malire a mitundu iwiri, mwachitsanzo pamene chofiira chakumana ndi choyera, umaloza ku magalasi osagwirizana. Ming'alu yambirimbiri yochokera pansi imasonyeza kuti galasi linamatirira pa shelefu ya mu ng'anjo. Pofuna kupewa izi amapaka shelefuyo phala la dothi loyera lotchedwa kaolin losakaniza ndi alumina, kapena amayala pepala lapadera losapsa.

Timathovu timabwera mpweya ukatsekeredwa pakati pa magalasi chifukwa m'mphepete munamatirirana msanga. Apa amatalikitsa kuima kuja kwa pa 670. Pamwamba pakachita mbuu ngati chifunga chosachoka ndi sopo, ndiye kuti maatomu a pamwambapo anapeza mpata wofola m'mizere. Vutoli amati devitrification, ndipo limakonda kuyambira pa fumbi ndi mafuta a zala, makamaka galasi likakhalitsa pakati pa madigiri 700 ndi 800. N'chifukwa chake amalitsuka bwino asanaliike, ndipo chigawo chimenechi amachidutsa mothamanga.

Nanga galasi la makona anayi likatuluka m'mbali mutalowa mkati ngati fupa? Mukudziwa mmene dontho la madzi limabulungirira pa tsamba la kabichi. Mphamvu yomweyo imakokera galasi lofewa pamodzi, pamene kulemera kwake kumalifalitsa. Ziwirizi zimalingana pa mamilimita pafupifupi 6. Galasi limodzi la mamilimita 3 limadzikoka kuti lichindikale, atatu osanjikizana amafalikira m'mbali, koma awiri amakhala mmene munawadulira.

Yesani nokha, popanda moto

Kukokana kobisika kuja kumaoneka mukagwiritsa ntchito kuwala kochita kusefedwa. David Brewster wa ku Scotland anazindikira izi zaka zoposa 200 zapitazo, ndipo amisiri amayeza magalasi awo motero mpaka lero. Tsegulani tsamba loyera pa sikirini ya laputopu, chifukwa kuwala kwake kumatuluka kosefedwa kale. Bwerekani magalasi a dzuwa olembedwa kuti polarized, muwatembenuze pang'onopang'ono mpaka sikirini ide. Kenako ikani pulotirakita yapulasitiki ya mu seti yanu ya masamu pakati pa sikirini ndi magalasiwo. Muona mitundu ngati utawaleza, makamaka m'makona ndi pamalo pamene pulasitikiyo inalowera m'chikombole ku fakitale. Imeneyo ndi mphamvu imene inatsekeredwa pozizira. Galasi lozizira bwino limangooneka lakuda, pamene lokokana limawala m'mphepete mwa zidutswa zake.

Chonde musayese kuwotcha mabotolo pa mbaula kapena pa moto wa nkhuni. Simungathe kulamulira kutentha, ndipo botolo likaphulika tizidutswa timathamangira m'maso. Mmalo mwake nali funso loti mukambirane ndi anzanu musanakafunse aphunzitsi: n'chifukwa chiyani tesitichubu ya mu labu imapirira lawi la moto, pamene tambula yochindikala ya kunyumba imathetheka mukaithira madzi owira? Pali zifukwa ziwiri, ndipo zonse zili m'zimene tawerengazi.